Duwa la mtsinje wa Tisza: kachilombo kokula zaka zitatu kuti kauluke madzulo amodzi

Pakati pa mwezi wa Juni, dzuwa likapendeka, anthu a mumzinda wa Szolnok ku Hungary amatsikira kumtsinje wa Tisza. Ena amakwera mabwato, ena amangokhala pagombe, maso ali pamadzi. Poyamba sipaoneka kanthu, mtsinje uli phee. Kenaka pamavuuka kachilombo kamodzi apa, kena apo, ndipo lisanathe ola mtsinje wonse umakhala utakutidwa ndi tizilombo ta mapiko otuwa ndi matupi achikasu, tikuuluka pamwamba penipeni pa madzi, tina tikutera pazipewa ndi pamapewa pa anthu. Phokoso la mapiko limamveka waa, ngati mvula ikubwera chapatali. Nsomba zimadumpha, achule ndi mbalame zimadya mpaka kutopa. Mdima ukamagwira, zonse zatha. Pamadzi pamangoyandama mitembo mbwee, ikupita ndi mtsinje.

Eni dziko amakatchula kachilomboka kuti tiszavirág, kutanthauza duwa la Tisza, ndipo madzulo oterewa amati mtsinje wachita maluwa. Kumunsi kwa mtsinje womwewo, ku Serbia, amati tiski cvet, tanthauzo n'lomwelo. Dzina la asayansi ndi Palingenia longicauda, ndipo liwu lachiwirilo likunena za mchira wautali. M'chiyankhulo cha ku Hungary, chinthu chosakhalitsa, kaya chibwenzi, kaya bizinesi yotsegulidwa lero mawa n'kutsekedwa, amati chili ndi moyo wa tiszavirág. Mawuwa ndi okoma m'khutu, koma amakanamizira kachilomboka. Chimene anthu amaona madzulo amenewo ndi maola awiri kapena atatu omaliza a moyo wa zaka zitatu. Zaka zonsezo kamakhala kakudya, kukumba ndi kukula m'dongo pansi pa madzi, kumene wojambula zithunzi safika. Kuti munthu amvetse chifukwa chake thupi lake louluka lili momwe liliri, ndiponso chimene chinakathetsa m'mitsinje pafupifupi yonse ya ku Ulaya, ayenera kuyambira m'dongomo.

Si nkhungu

Wa kunyanja akamva za mtambo wa tizilombo totuluka m'madzi, maganizo ake amathamangira ku nkhungu, zija zimafuka ngati utsi pakati pa Nyanja ya Malawi, anthu a ku Nkhata Bay ndi ku Likoma n'kumazikola ndi madengu kuti aumbe ndiwo. Kufanana kulipo, koma ubale palibe. Nkhungu ndi abale a udzudzu ndi ntchentche. Zili ndi mapiko awiri, ndipo pakati pa mphutsi ndi kuuluka zimadutsa m'gawo lina limene thupi limaumbidwanso mwatsopano, monga mbozi ichitira m'chikwa isanasanduke gulugufe.

Tiszavirág ali m'banja lina, limene m'Chingerezi amati mayfly ndipo asayansi amati Ephemeroptera, mawu a Chigiriki onena za mapiko a chinthu cha tsiku limodzi. Ndiye kuti bodza lija ndi lakale: ngakhale Aristotle, katswiri wakalekale wa ku Greece, analemba za kanyama kotuluka mumtsinje wina wothira m'nyanja ya Black Sea, kamene kamauluka mpaka madzulo n'kufa dzuwa likamalowa. Banjali lili ndi mitundu yoposa 3,000, ndipo makolo ake anali akuuluka kale zaka zoposa 300 miliyoni zapitazo, padziko pasanamere duwa ndi limodzi lomwe. Ukalambawo umaonekera pamapiko. Mphemvu kapena chiwala chikatera chimapinda mapiko n'kuwagoneka pamsana. Mayfly, monganso tombolombo, alibe mfundo zotere, ndipo akatera mapiko amangoima chilili. Gawo la chikwa nalonso alibe. Kamwana kotuluka m'dzira kamakhala ndi miyendo isanu ndi umodzi, maso ndi michira, ndipo kamangokula pang'onopang'ono kufikira tsiku lotuluka m'madzi.

Zaka zitatu m'dongo

Dzira la tiszavirág ndi laling'ono ngati kanjere ka mchenga. Likaikiridwa pamadzi limamira pang'onopang'ono, mtsinje ukulikokera kumunsi, mpaka litakhazikika pansi. Pakatha mwezi umodzi kapena mwezi ndi theka limaswa kamwana kovuta kukaona ndi maso, ndipo ntchito yoyamba ya kamwanako ndi kupeza pokumba.

Sikakumba paliponse. Mchenga umagumuka, una n'kutsekeka. Matope ofewa mulibe mpweya wokwanira. Mwala sukumbika. Chimene kamafuna ndi dongo lolimba, la mtundu wa mtapo uja amayi aumbira mbiya, ndipo dongolo likhale pamene madzi akuthamanga. Malo otere amapezeka pamene mtsinje wakhota. Kunja kwa gondoko madzi amawomba gombe n'kumalidya, gombelo limaima ngati khoma, ndipo mchenga ndi zinyalala sizikhazikikapo. M'khoma limenelo, pansi pa madzi, ndi momwe muli mudzi wa tiana ta tiszavirág.

Una wake ndi wokhota ngati chilembo cha U: umalowa m'dongo masentimita 15 kapena kuposerapo, n'kutembenuka kudzatulukira pafupi ndi polowera paja. Kukula kwa bowo ndi ngati pensulo. Una wa mbewa nawonso umakhala ndi khomo lachiwiri, koma lija ndi lothawira. Ili ndi loti madzi azilowa mbali ina n'kutulukira mbali ina. Mtsinje ukaphwera m'chilimwe, gombe limaoneka lobowokabowoka ngati sefa, mabowo mazanamazana pamalo a mita imodzi m'litali ndi mita imodzi m'lifupi.

Thupi la kamwanako ndi la mmisiri wokumba. Kakakula bwino kamafika pafupifupi masentimita 4, ndi kofewa, kotuwa mopita kuchikasu monga zimakhalira zinthu zosaona dzuwa. Kutsogolo kwa mutu kuli nsagwada ziwiri zotulukira kunja ngati minyanga, zophwatalala ndiponso za manomano m'mphepete. Zimenezi ndiye khasu lake, ndipo pamenepa kamafanana ndi mfuko imene imakumba ndi mano. Miyendo yakutsogolo ndi yaifupi, yamphamvu, yotambalala ngati fosholo, yokankhira dongo kumbuyo. Kumapeto kwa mimba kuli michira itatu yaubweya. Kakachotsedwa muuna kamasambira mopindapinda thupi, koma mosakhazikika, ndipo nsomba sizichedwa kukaona.

Chiwalo chimene ine ndimachiona chodabwitsa kuposa zonse chili m'mbali mwa mimba. Mmenemo muli tinthu tooneka ngati nthenga, tiwiritiwiri, togonera pamsana. Timeneti ndi topumira m'madzi, koma sitimangodikira kuti madzi afike. Timakupiza motsatizana kuyambira kutsogolo kupita kumbuyo, ngati mphepo ikuyenda pamunda wa mpunga, ndipo kukupizako kumakoka madzi kuti azidutsa muuna usana ndi usiku. Madziwo amabwera ndi mpweya wa okosijeni, komanso amabwera ndi chakudya: tinyenyeswa ta masamba owola, ndere ndi tina tosaoneka ndi maso, tomwe timakodwa muubweya wa pakamwa ndi wa miyendo yakutsogolo. Chiwalo chimodzi chikugwira ntchito ya mapapo, ya pampu ndi ya ukonde. Koma pomwepo ndi pamenenso pali kufooka kwake. Chilichonse chimene chili mumtsinje, chabwino ndi choipa chomwe, kamwanako kamachikokera kokha m'nyumba mwake.

Khungu la tizilombo silitambasuka, choncho kukula kwake ndi kufundula monga njoka. Kamwana ka tiszavirág kamafundula pafupifupi ka 20 m'zaka zitatuzo, ndipo una ukachepa kamaukulitsa kapena kukumba wina. Madzi akamatsika nako kamatsika, kukayamba una watsopano m'munsi. M'nyengo yozizira, pamene mtsinje nthawi zina umaundana pamwamba, kukula kumaima kaye. Pamsana pamakhala timatumba tiwiri tomwe mkati mwake mapiko akuumbika atakwinyika, ndipo m'miyezi yomaliza timatumbato timada. Mkati mwa thupi namo mazira kapena mbewu ya umuna zimakhala zitakhwima kale. Mafuta onse amene kachilombo kouluka kadzagwiritse ntchito amasonkhanitsidwa nthawi imeneyi, chifukwa kutsogoloko kulibenso kudya.

Popeza moyo ndi wa zaka zitatu koma kuuluka kumachitika chaka ndi chaka, m'gombe limodzi mumakhala misinkhu itatu nthawi imodzi: tachaka chino, tachaka chatha ndi tadzana. Chaka chimene mazira awonongeka, anthu a pagombe sadziwa kanthu. Amadzazindikira patapita zaka zitatu, mtsinje ukachita maluwa ochepa.

Amene anayamba kulongosola zimenezi mwatsatanetsatane ndi Jan Swammerdam, wasayansi wa mumzinda wa Amsterdam ku Netherlands, m'buku lake Ephemeri Vita la mu 1675. Masiku amenewo kachilomboka kanali kochuluka m'mitsinje ya ku Netherlands, ndipo asodzi a kumeneko ankakatchula oeveraas, kutanthauza nyambo ya m'gombe, poti ankakumba tiana take n'kumakolowetsa kumbedza. Swammerdam anazindikira za misinkhu itatu ija poona kukula kosiyana kwa tiana ta m'dongo limodzi. Anatumbulanso kamwanako ndi timipeni ndi timasizasi tosaoneka bwino ndi maso, n'kujambula matumbo, mitsempha ndi timapaipi ta mpweya mokongola kotero kuti zithunzizo zimasindikizidwabe. Paja kuona maso a nkhono n'kudekha. Komabe analakwitsa pena: ankakhulupirira kuti tizilomboti sitikwerana, kuti kakakazi kamangotaya mazira pamadzi ndipo kakamuna kamathirapo mbewu yake monga zichitira nsomba. Munthu amene anaona mkati mwa matumbo a kachilombo analephera kuona chinthu chochitika poyera, chifukwa chimachitika mofulumira kwambiri, m'kati mwa chipwirikiti.

Kufundula uli kale ndi mapiko

Tsiku likakwana, pakati pa khungu lakale ndi latsopano pamalowa mpweya. Kamwana kamasiya una wake, mpweyawo n'kukakweza pamwamba pa madzi ngati chitsekerero cha botolo. Khungu limang'ambika pamsana, ndipo m'kanthawi kochepa kachilombo ka mapiko kamasolokamo n'kuuluka, chikhungu chija n'kutsala chikuyandama. Toyamba kutuluka ndi tatimuna.

Apa ndi pamene mayfly amasiyana ndi tizilombo tina tonse ta padziko. Gulugufe, njuchi, chiwala, ngumbi, chilichonse chikangomera mapiko ogwira ntchito ndiye kuti chafundula komaliza. Mayfly yekha ndiye amafundulanso ali kale ndi mapiko. Gawo lapakatili asayansi amalitchula subimago, ndipo lomaliza amati imago. Kakamuna ka tiszavirág kakangotuluka m'madzi kamaulukira kugombe molemera, n'kutera pa chilichonse chimene kapeza: tsamba, bango, bwato, mkono wa munthu. Kamagwira zolimba, kamanjenjemera, msana n'kung'ambikanso. Kamasolola mutu, miyendo, kenaka mapiko kuchokera m'timatumba take topyapyala, ndipo pomaliza michira, imene imatuluka yotalika kuposa poyamba. Zonsezi zimatenga mphindi zochepa. Nthawi zambiri kamanyamuka chikhungu choyera chikadali lende kumichira, ndipo mitengo ya m'mphepete mwa mtsinje imatsala itayera ndi zofundulazo. Ndi nthawi yoopsa: kakachedwa, kapena phiko limodzi likakanirira, mbalame kapena chule amakapezerera pomwepo.

N'chifukwa chiyani kachilombo kokhala ndi maola atatu okha kamataya mphindi zake pa ntchito yoopsa chotere? Ofufuza amapereka zifukwa ziwiri. Choyamba, mapiko a subimago amakhala ndi tiubweya tosalola madzi, choncho ndi oyenera kuthawira m'madzi koma ndi olemera pothamangitsana. Chachiwiri, michira ndi miyendo yakutsogolo ya kakamuna imatalika kwambiri poyerekeza ndi ya kamwana, ndipo kutalika kotero sikungatheke pa kufundula kumodzi. Chifukwa chachiwirichi chimandigwira mtima ndikaona zimene kakakazi kamachita. Iko sikasowa miyendo yaitali kapena michira yaitali, ndipo sikafundulanso konse. Kamatuluka m'madzi, kamakweredwa, kamaikira mazira ndi kufa kakadali subimago, kosapondako kumtunda. Mitundu yambiri ya mayfly, yaimuna ndi yaikazi yomwe, imafundula kawiri, ina n'kugona usiku wonse patsamba isanatero. Tiszavirág anadula njira.

Thupi lochotsedwa katundu

Kachilombo kouluka kali ndi thupi la masentimita pakati pa 2.5 ndi 4, koma kakamuna kali ndi michira iwiri yopyapyala ngati ulusi yofika masentimita 7 kapena 8, kotero kuti konse kamatha kukwana masentimita 12. Ku Ulaya kulibe mayfly wina wamkulu kuposa ameneyu. Mchira wapakati uja wa kamwana umazimirira. Michira ya kakakazi ndi yaifupi, koma thupi lake ndi lonenepa, poti mimba yonse ndi thumba la mazira zikwi zingapo. Mapiko ndi anayi: awiri akutsogolo aakulu a ngodya zitatu, awiri akumbuyo aang'ono, onse odzaza ndi timitsempha ngati ukonde. Tinyanga ta pamutu ndi tatifupi ngati tsitsi lometedwa. Maso a kakamuna ndi aakulu, akuda, otenga mbali yaikulu ya mutu. Kumapeto kwa mimba yake kuli tingowe tiwiri togwirira kakakazi, ndipo ziwalo zoberekera, kwa kakamuna ndi kakakazi komwe, zili ziwiriziwiri, chizindikiro china cha ukalamba wa banjali.

Zosowa ndi zimene zimanena zambiri. Minyanga yokumbira ija palibe. Nthenga zopumira palibe. Pakamwa pamangotsala tizidutswa tofota tosatha kutafuna kapena kuyamwa, moti kachilomboka sikadya, sikamwa, sikaluma munthu. Matumbo alipo koma muli mpweya wokhawokha, umene umapepukitsa thupi. Miyendo ya kakakazi ndi yofooka, yosayendera. Kunena zoona, chimene chimauluka pa Tisza si nyama yathunthu monga timaganizira nyama. Ndi maso, mapiko ndi mbewu, zoyendera mafuta amene kamwana kanasunga m'dongo. Mafutawo akatha, kamagwa.

Maola atatu ndi ambiri tikayerekeza ndi mtundu wina wa ku America, Dolania americana, umene kakakazi kake kamatha zonse m'mphindi zosakwana zisanu.

Chipwirikiti, kenaka ulendo wa kumtunda

Tatimuna tikafundula timabwerera kumtsinje n'kumauluka chotsika kwambiri, michira ikukhwekhwereza pamadzi, tikusakasaka. Nthawi imeneyi ndi pamene tatikazi timayamba kuvuuka. Kakakazi kamodzi kakangoonekera, tatimuna khumi kapena kuposerapo timakaunjirira, ndipo pamadzi pamaoneka kampira ka mapiko kakugubuduzika. Mitundu ina ya mayfly imakwerana m'mwamba, tatimuna tikuvina mokwera ndi kutsika. Tiszavirág amakwerana pamadzi pomwepo, m'kanthawi kosatheka kuwerenga. Mpake kuti Swammerdam sanazione. Kakamuna ntchito yake yathera pomwepo.

Kakakazi kamatsala ndi ulendo umodzi. Mazira akamamira amakokedwa ndi madzi, ndipo tiana natonso timakokoloka m'zaka zitatu zija. Zikanakhala kuti kakakazi kamaikira pamene kabadwira, mbadwo uliwonse ukanatsikirako pang'ono, mpaka mtundu wonse ukanathera kumathiriro a mtsinje. Choncho tatikazi timakwera m'mwamba mamita angapo, n'kuyamba kuuluka chokwera mtsinje, tonse njira imodzi, mtunda wa makilomita angapo. Kenaka timatsikira pamadzi, kutulutsa mazira, n'kufa mapiko ali tambalale.

Kutuluka tonse nthawi imodzi kuli ndi phindu limene aliyense wogwira ngumbi amalidziwa. Ngumbi zikatuluka mvula yoyamba, nkhuku, achule, mbalame, abuluzi ndi ana onyamula mabeseni amadya mpaka kukhuta, koma ngumbizo zimachuluka kuposa mimba zonsezo, ndipo zina zimapulumuka. Pa Tisza n'chimodzimodzi: milamba ikuluikulu ya mumtsinjewo, anamzeze ndi mbalame za m'madzi sizingathe tizilombo mamiliyoni m'maola atatu. Tikanati tizituluka pang'onopang'ono chilimwe chonse, kalikonse kakanadyedwa kasanapeze mnzake. Kusiyana kwake ndi kwakuti ngumbi imauluka poyamba pa moyo wake wautali, ikathothola mapiko n'kukayamba chulu chimene make angakhalemo zaka zambiri, pomwe tiszavirág amauluka pomaliza. Pamalo amodzi kuulukaku kumachitika madzulo angapo otsatizana, ndipo tsiku loyambira limadalira kutentha kwa madzi ndi nyengo. N'chifukwa chake chaka chilichonse alendo ena amafika pagombe mochedwa ndi tsiku limodzi, n'kupeza zikhungu zokha.

Mmene kanasowera

M'nthawi ya Swammerdam kachilomboka kanali m'mitsinje ikuluikulu yoyenda m'zigwa kuyambira ku Netherlands ndi Germany mpaka kum'mawa kwa Ulaya. M'zaka za m'ma 1900 kanazimirira mtsinje ndi mtsinje. Kafukufuku wofalitsidwa mu 2012 anati kanataya pafupifupi magawo 98 pa 100 aliwonse a dera limene kankapezekamo. Lero kwawo kwenikweni ndi Tisza ndi mitsinje yothira mmenemo monga Körös, Maros ndi Bodrog, kuphatikizapo timagulu tochepa mumtsinje wa Rába ndi kumathiriro a mtsinje wa Danube ku Romania.

Palibe amene anakasaka mpaka kukamaliza kali m'mwamba. Chinatha ndi dongo. Mitsinje inawongoledwa kuti sitima zizidutsa ndiponso kuti madzi asasefukire m'minda ndi m'mizinda. Magondo anadulidwa, magombe anayalidwa miyala ndi simenti, madamu anachedwetsa madzi mpaka matope kukwirira makoma a dongo. Pamwamba pa zimenezo panabwera zonyansa za m'mafakitale ndi m'mizinda, zomwe kamwana kopopera madzi m'nyumba mwake sikangazipewe. Tisza nayenso sanasiyidwe. Ntchito yomuwongola inayamba mu 1846 motsogozedwa ndi István Széchenyi, potsata mapulani a injiniya Pál Vásárhelyi, ndipo mtsinje umene unali wa makilomita pafupifupi 1,400 unafupika mpaka kutsala osakwana 1,000. Mwayi wake ndi wakuti magombe ambiri a dongo anatsala osayalidwa miyala, ndipo m'mphepete mwake munalibe mafakitale ochuluka ngati a m'mphepete mwa mtsinje wa Rhine ku Germany. Asodzi nawo ankakumba tiana tochuluka kuti tikhale nyambo. Lero zimenezo n'zoletsedwa, kachilomboka ndi kotetezedwa ndi lamulo ku Hungary.

Pa 30 Januwale 2000 damu losungira zinyalala za mgodi wa golide linaphulika ku Baia Mare m'dziko la Romania, ndipo madzi a poizoni wa cyanide anatsikira mumtsinje wa Someș n'kulowa mu Tisza. Ku Hungary kokha kunafa nsomba zoposa matani 1,000. Anthu ambiri anati duwa la Tisza lathera pomwepo, poti misinkhu yonse itatu inali m'madzi omwewo. Mu Juni chaka chomwecho mtsinje unachita maluwa. Ofufuza amati chinapulumutsa tizilomboti ndi nyengo: kunali kozizira, tiana tinali duu mkati mwa mauna, tikupuma pang'ono, ndipo poizoniyo anadutsa m'masiku ochepa. Poizoni wa sabata imodzi tianato tinamupirira. Gombe loyalidwa miyala ndiye tianato sitingalipirire, chifukwa silidutsa. Chilala nachonso chayamba kuopsa: m'chaka ngati 2022, pamene Tisza anaphwa kwambiri, makoma a dongo amatsala pamtunda akuuma ndi dzuwa.

Vuto lina ndi loti munthu sangaliganizire. Kodi kakakazi kamadziwa bwanji kumene mtsinje ukulowera? Kuwala kukagunda pamadzi n'kubwerera, mafunde ake amagona mopingasa. Maso athu sasiyanitsa kuwala kotere ndi kwina, koma maso a tizilombo ta m'madzi amakuona, ndipo kwa ito mtsinje ndi msewu wowala wosaduka. Ofufuza György Kriska ndi Gábor Horváth a ku Budapest, likulu la Hungary, anaonetsa m'zaka za m'ma 1990 kuti msewu wa phula umabweza kuwala mofananamo, moti mayfly amaikira mazira pamsewu poganiza kuti ndi madzi. Mu 2011 iwo ndi anzawo anafalitsa zimene anaona pa mlatho wina wa kumtunda kwa Tisza. Tatikazi tikafika pamlathopo, chithunzithunzi chake chimadula msewu wowala uja. Mpata wodutsa pansi ulipo, wodutsa pamwamba uliponso, koma tambiri timangotembenuka ngati tagunda khoma, n'kumazungulira mpaka mafuta kutha, mazira n'kuikiridwa kumunsi kwa mlatho. Chaka chomwecho cha 2011 mzinda wa Szolnok unatsegula mlatho wa oyenda pansi woumbidwa ngati mapiko a kachilomboka, dzina lake Tiszavirág. Ulemu wina umabwera ndi mthunzi wake.

Mbale wake wa ku Kariba

Kuno ku Africa kuli mayfly wokumba amene ntchito za anthu zinamuchitira zosiyana. Dzina lake ndi Povilla adusta, ndipo amapezeka m'nyanja ndi m'mitsinje yambiri ya m'madera otentha. Kamwana kake kalinso ndi nsagwada zamphamvu ndi nthenga zopopera madzi, koma m'malo mwa dongo kamabowola mitengo yomira, bango, gumbwa, ngakhale matabwa a mabwato ndi mizati ya pamadoko. Mkati mwa una wake kamayalamo ulusi wofanana ndi silika umene kamapanga kokha, chinthu chosowa kwambiri pakati pa mayfly.

Khoma la Kariba litatsekedwa kumapeto kwa 1958, madzi a Zambezi anamiza nkhalango za m'chigwa cha Gwembe, mitengo n'kutsala chiimire m'madzi pakati pa Zambia ndi Zimbabwe. Ku Ghana zinachitikanso chimodzimodzi Nyanja ya Volta itayamba kudzaza mu 1964. Kwa Povilla imeneyi inali midzi yomangidwa kale. Ofufuza amene anasenda makungwa a mitengo yomirayo anapeza tiana take titadzaza pansi pa makungwa ndi m'mitengo yofewa, ndipo ku Volta tinasanduka chakudya chachikulu cha nsomba zingapo zimene asodzi amadalira.

M'madzi ofunda kukula n'kofulumira. Povilla safuna zaka zitatu, miyezi ingapo imakwana, ndipo kulibe nyengo yozizira yoti iwerengere tiana tonse nthawi yotulukira pamodzi. Wotchi yake ndi mwezi. Mu 1955 Richard Hartland-Rowe, amene ankafufuza pa Nyanja ya Victoria ku Uganda, analemba kuti tizilomboti timatuluka mwaunyinji masiku ochepa mwezi ukangokhala wathunthu, makamaka usiku wachiwiri. Timavuuka kukangoda, timaunjikana pa nyale za m'mphepete mwa nyanja, ndipo pakatha ola limodzi kapena kuposerapo pang'ono timakhala titagwa. M'mitengo ya pansi pa madzi mumatsala tiana ta misinkhu ingapo, wina ndi wina wosiyana ndi mwezi umodzi, tikupopa madzi.